Sitima yokwera phiri la Snowdon: ndi ana aang'ono zingatheke?

MayiWaAtatu:
Moni nonse. Tchuthi cha Ogasiti chino bambo a kunyumba akuti tipite ku Wales tikakwere sitima ija imanyamuka ku Llanberis mpaka pamwamba pa Snowdon. Ife tili ku Manchester, ndiye pagalimoto si patali kwenikweni. Ana ndi atatu: wa zaka 8, wa zaka 4 ndi wakhanda wa miyezi 10. Amene akundidetsa nkhawa ndi wachiwiriyo. Mwana ameneyu ngakhale m'tchalitchi sakhazikika, ulaliki usanafike pakati amakhala ali kunsi kwa benchi. Apongozi anganso abwera kuchokera ku Mulanje, maondo ndi ovuta koma akuti sangatsale. Amene munapitako, tiuzeni zoona.

BamboWaKuLeeds:
Pitani mayi, koma matikiti gulani pa intaneti pasadakhale, nyengo ya tchuthi amatha msanga. Kukwera ndi pafupifupi ola limodzi, pamwamba amakupatsani mphindi 30, kenako ola lina kutsika. Sitimayo imayenda ngati bilimankhwe, ndipo injini imakhala kumbuyo n'kumakankha bogi. Pakati pa njanji pali chitsulo cha mano, ndiye gudumu la injini limaluma pamenepo kuti isatsetsereke. Mnyamata wanga atamva zimenezi anangoti maso pansi ulendo wonse kufuna kuona manowo. Njanjiyi ndi ya 1896, ndipo pali sitima ya dizilo ndi ya malasha. Ya malasha ndi yodulirapo, koma ana amaikonda chifukwa cha utsi ndi kulira kwake.

NamwinoWaUsiku:
Achemwali, chinthu chimodzi chokha: m'sitimamo mulibe chimbudzi. Ine ndinalakwitsa, ndinamugulira mwana botolo lonse la juwisi tili pamzere. Titangodutsa mathithi aja ali chakumunsi, ndinangomva "Amayi, ndikufuna kukodza." Ola lathunthu ndikumunyengerera kuti aziwerenga nkhosa! Apititseni onse kuchimbudzi pa siteshoni musanakwere, ngakhale akane. Pamwamba pali nyumba yotchedwa Hafod Eryri, muli zimbudzi ndi tiyi, koma mphindi 30 zija ukaima pamzere ndi ana zimangotha osaona kanthu.

Musanamizidwenso ndi dzuwa la ku Llanberis. Kumwambako kumazizira ngati Dedza mwezi wa Juni, kuwonjezera mphepo. Majuzi, zipewa, zonse nyamulani. Wakhandayo ingomuberekani pa chitenje, m'bogi malo ndi ochepa. Ife tinafika pamwamba kuli chifunga chokhachokha, chithunzi chomwe tinajambula ungati tinaima kutsogolo kwa khoma loyera.

MalumeWaNjinga:
Ine ndiyankhula zosiyana. Mwana wa zaka 4 nsonga ya phiri alibe nayo ntchito, iye akufuna sitima basi. Ku Llanberis komweko kuli kasitima kena ka malasha koyenda m'mbali mwa nyanja ya Padarn, kupita ndi kubwera pafupifupi ola limodzi, mtengo wakenso ndi wotsika. Muziikeko m'maganizo, chifukwa mphepo ikakula sitima ya kuphiri imatha kulekezera panjira osafika pamwamba. Koma agogowo okha akwere ndithu. Mukawauze kuti Snowdon ndi mamita 1,085, mumve zomwe anene.

MayiWaAtatu:
Malume, ndawauza. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo palibe anaikapo njanji, "kachulu kameneka mpaka sitima?" Koma chonsecho ayamba kale kufunsa ngati juzi yawo yofiira ikwanire.

Tagwirizana chonchi: bambo, agogo ndi wamkulu akwera ya kuphiri m'mawa, ine ndi awiri aang'onowa tikwera ya kunyanja. Achemwali anamwino, juwisi ndamva, amwa tikatsika. Funso lina: malo oimika galimoto ku Llanberis amadzaza nthawi yanji? Kudzutsa anthu asanu ndi mmodzi m'nyumba muno ndi ntchito.