Kodi pusi amene anagwa chagada ndi nyama yanji, ndipo analakwanji?

Funso

Akuluakulu nonse odziwa chiyankhulo chathu, ndabwera ndi funso limene ndakhala nalo kuyambira Loweruka lapitali. Tinali pa phwando la ukwati kuno ku Lusaka, kumene chakudya chinayalidwa pa matebulo kuti aliyense adzipakulire yekha. Mwana wanga wa zaka 12 anadzaza mbale ndi mpunga, nkhuku, soseji, chikanda ndi keke pamwamba pake, koma sanadye ngakhale theka. Azakhali anga, amene anabwera kuchokera ku Katete, anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

Pobwerera kunyumba mwanayo anatsutsa mwambiwo, amvekere pusi sagwa chagada chifukwa ngakhale atagwa kuchokera padenga amatera ndi miyendo. Ine ndinabadwira ku Matero ndipo Chinyanja changa ndi cha m'tauni, choncho ndinasowa chomuyankha, pakuti nanenso ndinakula ndikudziwa kuti pusi ndi kanyama kogwira makoswe m'nyumba. Kodi pusi ameneyu ndi uti, nanga chagada n'kugwa kotani?

Koma chimene chikundivuta kwambiri n'chakuti sindikudziwa ngati mwambiwu ukudzudzula kukonda zokoma. Azakhali omwewo ndi munthu wokonda chakudya kuposa tonse. M'mawa mwake anakana buledi, anapempha mkute ndi chibwabwa chotendera chimene chinatsala dzulo lake, ndipo anadya mosafulumira, akuyamikira nsinjiro pa mbamu iliyonse, mpaka anamaliza ndi kapu ya munkoyo.

Yankho la mphunzitsi wopuma ntchito, Chilenje

Bambo, mwana wanu sanalakwitse, wangosokonezedwa ndi mawu awiri ofanana. Pusi wa m'tauni uja ndi mphaka kapena chona, ndipo dzinalo linachokera ku Chingerezi. Pusi wa makolo athu ndi nyama ya m'mitengo yofanana ndi nyani koma yocheperapo, imene ambiri kuno amaitchula ndi dzina la Chibemba lakuti kolwe. Kugwa chagada n'kugwa ndi msana, nkhope itayang'ana kumwamba, ndipo n'kosiyana ndi kugwa chafufumimba.

Tsono ganizirani pusi ali mumtengo wa masuku akupsa. Dzanja limodzi lagwira nthambi, lina lathyola suku. Asanalidye waona lina lakupsa kwambiri, ndipo pofuna kulitenga wasiya nthambi imene inamugwiriziza. Chochititsa manyazi n'chakuti wagwayo ndi katswiri wokwera mitengo, amene sitiyembekezera kuti angagwe. Kwathu ku Chadiza akuluakulu ankanena mwambiwu makamaka kwa mnyamata wofunsira mbeta ziwiri nthawi imodzi, kapena munthu wongosinthasintha ntchito. Sindinaumvepo kawirikawiri pa chakudya chenicheni, choncho ndinganene kuti azakhali anu anangoubwezera kumene unachokera.

Yankho la mayi wogulitsa ndiwo pa msika wa Soweto

Aphunzitsi afotokoza bwino mawuwo, koma pa funso lomaliza lija ndikufuna kuwonjezerapo. Mwambiwu sukuti masuku anali oipa, ndipo sukunenanso kuti pusi anadya mopitirira muyeso. Mvetserani bwino: iye ankangoti chakoma, chakoma, ndi maso okha, ndipo palibe pamene tikumva kuti anatafuna kanthu. Mwana wanu naye anachoka pa ukwatiwo osadziwa kuti chikanda chija chinali chotani, pamene azakhali anu anamva kukoma konse kwa ndiwo imodzi yokha.

Ine ndimaona zimenezi tsiku ndi tsiku. Wodziwa kudya amaima nthawi yaitali pa chinthu chimodzi. Amafunsa ngati kapenta ndi wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, amalawa kamodzi kuti amve ngati muli mchenga, amasankha delele wanthete, ndipo amadziwa kuti chibwabwa chimafuna kusadzulidwa bwino chisanalowe mumphika. Chaka cha 2024, pamene chilala chinachititsa kuti boma lilengeze za ngozi ya dziko lonse mu February ndipo madzi a ku Kariba anachepa mpaka magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, mabanja ambiri anabwerera ku mbaula ndi ufa wa rola. Sindikuyamikira chaka chimenecho, chifukwa tinavutika kwambiri ndipo ena ankagona ndi njala. Komabe makasitomala angapo anandiuza kuti ana awo anadziwira pamenepo kuti nkhoko za nsima yophikidwa pa makala zimakoma, zinthu zimene kale ankangozinyika m'madzi n'kutaya.

Wofunsa uja

Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomonso mayi. Ndawawerengera azakhali mayankho anu onse awiri. Iwo agwirizana ndi mayi a ku Soweto, koma akana zoti anasuntha mwambiwo pamalo pake, akuti kwawo amaunena kwa ana pa nthawi ya zinthu zatsopano kumunda, pamene mwana wagwira chimanga chowotcha kudzanja ili, dzungu kudzanja ilo, maso ali pa mtedza wophika. Mwina midzi imasiyana pa kagwiritsidwe kake, ndipo ndingakonde kumva kwa a ku Petauke ndi a ku Mchinji ngati kwawo umanenedwa pa chakudya kapena pa ukwati.

Mwana uja wavomereza za kolwe, koma tsopano akufunsa ngati pusiyo atagwa anatola masuku amene anagwera pansi. Azakhali amuuza kuti ayambe wamaliza mbatata imene ili m'manja mwake, adzamuyankha madzulo.