Yankho lowonjezera pa mbande za tomato zogulitsa a Lions

Munafunsa chifukwa chake mbande za tomato zomwe makalabu a Lions (magulu a anthu odzipereka pothandiza anthu m'madera mwawo) a m'matauni aang'ono ku Iowa, m'dziko la America, amagulitsa posonkhetsa ndalama zimafota zikangowokedwa. Vuto lalikulu ndi chisanu. Kumeneko chimagwabe mpaka kumayambiriro kwa Meyi, ndiye kugulitsa mu Epulo nkupupuluma.

Fesani m'nyumba yofunda kutatsala masabata 6 mpaka 8 kuti chisanu chithe. Kenako muzitulutsa mbandezo panja pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10, kuyambira maola awiri pamthunzi. Mukadumpha apa, masamba amapsa ndi dzuwa nkuyera mbuu. Gulitsani Loweruka loyandikira Mother's Day (tsiku la amayi ku America), Lamulungu lachiwiri la Meyi.

Za ndalamazo, lamulo la Lions nlakuti zochokera kwa anthu zibwerere ku ntchito zothandiza anthu, osati kuyendetsera kalabu.