Mwana wa achemwali anga ndi goloboyi koma akufuna kusiya mpira, kodi za Mendy zija nzoona?

Che_Namiasi:

Anzanga okonda mpira ndithandizeni maganizo, nkhaniyi ikundisowetsa tulo. Ndili ndi mwana wa achemwali anga, zaka 22, ndi goloboyi, wamtali bwinobwino ndipo sindikumukometsera ayi, amene munaonera mabonanza kuno ku Mangochi boma chaka chathachi mwina munamuona akugwira mapenate awiri masewero amodzi, anthu mpaka kumunyamula. Wapita kawiri ku Blantyre kukayesedwa ku timu ina, ulendo woyamba transipoti ndinalipira ine, onse awiri anangomuuza kuti tikuimbira ndipo foniyo mpaka lero. Magolovesi ake ndi omwe aja ndinamugulira pa kaunjika, chala chapakati chinang'ambika anachita kusoka ndi ulusi wosokera ukonde.

Tsopano anzake amene ali ku Joni amutumizira ndalama ya basi akuti bwera kuno ntchito ilipo, mayi ake akuti apite basi mpira sudyetsa munthu, iyeyo wabwera kwa ine kuti ankolo mukuti bwanji. Dzulo ku video show munthu wina amanena kuti Edouard Mendy, goloboyi amene anali ku Chelsea uja, pa zaka 22 analibe timu ankangokhala. Zoona zimenezi kapena ndi nkhani za pa video show chabe? Sindikufuna kumuuza mwanayu chinthu choti mawa adzandiloze chala.

BlueWaKuMakawa:

Nzoona ankolo, ine nkhani ya Mendy ndimaitsata kuyambira tsiku limene anafika ku Chelsea. Anabadwa 1992 ku France pafupi ndi Le Havre, mayi ake aku Senegal bambo ake aku Guinea-Bissau. Ankasewera katimu kakang'ono kotchedwa Cherbourg, mu 2014 kontrakiti inatha, ejenti wake anamulonjeza kuti amupezera timu ku England kenako anasiya kuyankha mafoni, ndiye mukuona zofanana ndi tikuimbira wanuyo. Anakhala chaka chathunthu opanda timu mpaka anakalembetsa ku ofesi ya anthu osowa ntchito, mkazi wake ali woyembekezera, iye kumangopita kukachita ma training ku Le Havre osalandira kanthu. Anatsala pang'ono kuyamba ntchito mu shopu ya zovala.

Chimene chinamupulumutsa ndi mnzake amene ankasewera naye kale, anamutchula kwa kochi wa magoloboyi ku Marseille mu 2015. Ndipo musaganize kuti anakafikira kugwira timu yaikulu ayi, anali goloboyi wachinayi, ankasewera ku timu yachiwiri. 2016 anapita ku Reims mu ligi yachiwiri ngati wapabenchi, masewero oyamba enieni a season goloboyi woyamba anapatsidwa red card iye nkulowa. Season yotsatira golo linali lake ndipo mu 2018 Reims inatenga ligiyo nkukwera. 2019 Rennes, 2020 Chelsea pa ndalama pafupifupi mapaundi 22 miliyoni, Petr Čech, goloboyi wakale wa Chelsea amene nayenso anachokera ku Rennes komweko, ndi amene anamuikira kumbuyo. May 2021 ku Porto ife a Chelsea tinamenya Man City 1-0 chigoli cha Havertz, Champions League m'manja, ndipo mu mpikisano umenewo Mendy anatuluka masewero 9 osagoletsedwa. Werengani nokha, kuchoka pa ulova kufika pamenepo zaka 6 zokha basi.

Ku Senegal nakonso sizinayambe bwino, AFCON (mpikisano wa mayiko a mu Africa) ya 2019 anathyoka chala mpikisano uli mkati golo nkutenga Alfred Gomis. Koma February 2022 ku Cameroon fainolo ndi Egypt 0-0 mpaka mapenate, iye anagwira ya Lasheen, Mané nkumaliza, chikho cha AFCON choyamba cha Senegal m'mbiri yawo yonse. Tsiku limenelo ku Makawa kuno magetsi kunalibe tinaonera pa jenereta, mafuta tinachita kusonkherana ma 200 kuti extra time tiione. Anamusankhanso goloboyi wabwino koposa wa FIFA wa 2021. Kuyambira 2023 ali ku Al-Ahli ku Saudi Arabia.

Ine ndiye ndikuti mwanayo asapite. Goloboyi amachedwa kupsa, pa 22 akadali mwana.

Mjomba_Mpondasi:

Blue zonse wanenazo nzoona koma wasiya mbali imene ikukhudza mwanayu. Chaka chimene Mendy anakhala pakhomo chija anali ku France, dziko loti munthu wosowa ntchito boma limamupatsako kangachepe, ndipo m'mawa uliwonse ankapita pa bwalo la kapinga la Le Havre komwe kuli makochi odziwa ntchito ya pagolo. Mwana wa Che_Namiasi akakhala chaka adya chani, ndipo amuphunzitsa ndani? Kuno matimu athu ambiri goloboyi amangomuuza kuti ima apo tikumenye mashoti, akathothoka chigongono pa bwalo la miyala mankhwala ake agule yekha. Ndiye tisamutenge munthu m'modzi amene zinamuyendera nkumuiwala chigulu cha anyamata amene anadikira mpaka zaka 30 alibe timu alibe luso lina lililonse, ena timakwera nawo kabaza tsiku ndi tsiku pa mlatho apa.

Komanso Mendy yemweyo kuyamba mochedwa kuja kunamutsata. Manja analibe vuto koma mpira wa kumapazi umamuvuta, April 2022 pa Stamford Bridge anapereka pasi yofooka kwa mnzake Rüdiger, Benzema wa Real Madrid nkulanda nkugoletsa chachitatu, August chaka chomwecho Aaronson wa Leeds anamulanda mpira pamapazi penipeni, ku World Cup ya ku Qatar anatuluka mochedwa Gakpo wa Netherlands nkumugoletsa ndi mutu. Posakhalitsa ku Chelsea golo linabwerera kwa goloboyi mnzake Kepa. Mpira wa masiku ano goloboyi amayambitsa masewero ndi mapazi ndipo zimenezo zimafuna uziphunzire udakali wamng'ono.

Ngati mukufuna chitsanzo choyandikira kwathu kuno muuzeni za Kennedy Mweene waku Zambia amene anapita ku Free State Stars kenako Sundowns ndipo anatenga AFCON 2012, kapena Denis Onyango waku Uganda amene anadzera ku St George ya ku Ethiopia asanafike ku South Africa, 2016 nkutenga CAF Champions League ndi Sundowns. Koma awiri onsewa ku Joni anapita ataitanidwa ndi timu, anali ataoneka kale kwawo. Kupita pa basi ndi ndalama ya anzako ukakafika ndi ntchito ya m'shopu 6 to 6, mpira umathera pompo, zimenezo mwanayo azidziwe asanakwere.

Goloboyi_Wakale_MonkeyBay:

Ine ndagwirapo golo zaka 11 m'maligi ang'onoang'ono mpaka phewa linandikaniza, ndiye ndilankhule monga munthu wa ntchitoyo. Nonse mukukamba za Mendy ku Chelsea koma mwaiwala kuti Mendy yemweyo anaima golo limodzi, kwinaku kuli mwana wathu. 18 January 2022 ku Bafoussam, Malawi ndi Senegal 0-0, Mendy anali atangochira Covid ndipo anali masewero ake oyamba mu mpikisanowo, mbali yathu kunali Charles Thomu wa Silver Strikers amene poyamba sanali goloboyi woyamba wa Flames, ndipo man of the match anali Thomu, pamaso pa Mané. Ija penate anatipatsa atagwetsedwa Gomezgani Chirwa kenako oyimbira nkukaona pa VAR nkuikaniza mpaka lero imandiwawa, ndinkafunitsitsa ndione Mendy atayang'anizana ndi Gabadinho pa mpira wokhazika. Ndipo akuluakulu mukukumbuka Swadick Sanudi ku Angola 2010 tikuchinya Algeria 3-0 golo lathu osalowa kanthu. Magoloboyi kuno amabadwa ndithu.

Chimene anthu samvetsa ndi chakuti pagolo malo ndi amodzi. Wosewera kutsogolo amulowetsa mphindi 15 zomaliza agoletse aoneke, goloboyi wachiwiri amatha season yonse atakhala pa benchi akuzizidwa, kudikira mnzake avulale kapena apatsidwe red, monga zinachitikira Mendy ku Reims ndi Thomu ku Cameroon. Ndiye matimu akakhala ndi magoloboyi atatu kale sangakuimbire ngakhale unagwira bwino pa trial, si kuti mwanayo ndi wosatha ayi. Funso nlakuti tsiku limene chitseko chidzatseguke adzapezeka ali fit kapena ali ndi miyezi 8 osagwira mpira.

Che_Namiasi ine malangizo anga ndi awa, mabonanza okha samuthandiza chifukwa kumeneko kulibe amene amalemba mbiri ya munthu, alowe timu yolembetsedwa mu ligi ya chigawo chathu chino ngakhale ya division yapansi, akhale ndi khadi, azisewera sabata iliyonse. Wina azimujambula pa foni masewero onse osati zogwira zokongola zokha, makochi amafuna aone mmene amatulukira pa kona, mmene amalankhulira ndi ma defender ake, ndi mmene amachitira akangogoletsedwa chigoli chopusa, pamenepo mpamene timamudziwira goloboyi. Ndipo ife a kunyanja tili ndi mwayi umene aku Blantyre alibe, mchenga. Ine kudumpha ndinaphunzirira pa gombe m'mawa asodzi akukokera ngalawa kumtunda, umagwa ka 50 osamva kuwawa ndipo miyendo imalimba. Zakumapazi zimene akunena Mjomba nzoona, azisewerako pakati ndi anzake kawiri pa sabata, phazi lamanzere lomwe. Akafika ku Monkey Bay Loweruka lililonse ine ndimuphunzitsa ulere, ndili ndi magolovesi ena size 10 ndinawasunga ali bwino ndithu.

Anaphiri_265:

Abambo inu mukukamba bwino koma mayi ake a mwanayo musawaone ngati adani a mpira, iwowo ndi amene akudziwa kuti ufa watsala wa masiku angati. Mchimwene wanga anapita ku Joni opanda mapepala okwanira, anakhala miyezi ali m'manja mwa a immigration kenako anabwera ndi kachikwama kamodzi. Ngati mwanayo atsale, atsale ali ndi chochita masana, kaya ukalipentala kaya kuwotcherera kaya kugula usipa nkumakagulitsa ku Namwera, training madzulo. Ndipo mupangane nthawi, osangoti dikira dikira. Mukakhale pansi atatu ndi achemwali anuwo, inu monga mwini mbumba muwauze kuti pa nthawi imeneyo inu muthandizapo chani.

Che_Namiasi:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri ndipo zina ndamuwerengera mwanayo pa foni usiku wathawu. Pa za Mendy anangoti zii, koma nditafika pa Thomu ndi pamene anayamba kufunsa mafunso, akuti masewero amenewo anaonera koma sankadziwa kuti Thomu analowa ngati wachiwiri. Anaphiri mwanena zoona, ndinapita kwa achemwali m'mawa uno tisanapite kumunda, poyamba sanafune nkumva komwe koma tagwirizana kuti ndalama ya basi ija abweze kwa eni ake, akhale season imodzi yathunthu mu timu ya ligi, masana azithandiza kwa mnzanga wina wowotcherera pa boma pano, thumba la chimanga la pakhomopo miyezi imeneyi ndi langa. Ikatha season popanda timu yomufuna adzapanga pasipoti bwinobwino ine sindidzamuletsanso.

A Goloboyi_Wakale ndakutumizirani uthenga ku inbox. Loweruka lino akwera minibasi yoyamba ya ku Monkey Bay, akuti size 10 imukwana, mundiuze ngati abwere ndi mpira wake kapena muli nawo.