Ma runner a madirowa pa kabati ya felemu, ndimange bwanji?

Akuluakulu a ntchito ya matabwa, ndigawireniko nzeru. Ndikupanga kabati ya pulayiwudi yosungiramo zida kuno ku Kalingalinga mu Lusaka, kutsogolo ndaika felemu ya mukwa. Felemuyo yalowa mkati kupitirira khoma la kabati, ndiye runner (kanjanji kamene dirowa imayendapo) ikagwira kutsogolo, kumbuyo ikungolendewera, pomanga sikuluu palibe.

Kodi ndimate thabwa lodzaza mpatawo mbali zonse ziwiri, kapena ndigule timabulaketi takumbuyo? Timabulaketito sindikutikhulupirira kwenikweni, chifukwa madirowa adzanyamula mahamala ndi ma clamp, katundu wolemera ndithu. Ma runner ake ndi a timipira tachitsulo mkati, ofuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse. Nanga inu mumatani kuti onse awiri akhale pa levulo imodzi, dirowa isamakakamire potseka?