Agogo akuopa meditation koma mwana wawo akuumirira, nditani?

Carer wa ku Leeds: Anzanga ndithandizeni nzeru. Pa home yosamalira okalamba pomwe ndimagwira ntchito pali agogo ena a dementia (matenda oiwalaiwala), mwana wawo wabweretsa audio ya meditation (kukhala phee nkuika maganizo pa chinthu chimodzi) ya ku Tibet akuti tiziwaikira mmawa ulionse kwa mphindi 30 chifukwa imabweza memory. Koma ndikangowaveka mahedifoni nkunena kuti tsinzinani amayamba kunjenjemera, kundigwira yunifomu mwamphamvu nkumafunsa kuti amayi awo ali kuti, dzulo mpaka analira. Mwanayo akuti ndikuchita ulesi, zikundipweteka.

Nesi wa night: Asisi siyani kaye. Lembani mu notes zomwe mwaonazo ndi nthawi yake, muwauze a senior lero lomwe. Zomwe sizili mu care plan (ndondomeko yolembedwa ya kasamalidwe ka agogowo) musamachite chabe chifukwa achibale anena.

Wa mental health: Nkhani yoti meditation imakhudza ubongo ilipodi koma anthu amaikokomeza. Mu 2004 Richard Davidson ndi anzake ku Wisconsin anayeza anthu 8 ozama pa meditation ya Abuda a ku Tibet, ma gamma waves awo (mafunde othamanga a magetsi a mu ubongo) anali amphamvu zedi, komatu amenewo anali atachita maola 10,000 mpaka 50,000, si za pa audio ayi. Mu 2009 Maria Kozhevnikov anapeza kuti anthu ozama pa meditation amene amajambula chithunzi cha mulungu mmaganizo, nkhope, manja, zovala zonse, amakumbukira bwino zithunzi akangomaliza mphindi 20, koma zinali za kanthawi ndipo anali anthu a ubongo wabwinobwino. Nanga agogo oti dzina la mwana wawo limawathawa asunga bwanji chithunzi chotere? Mukawatseka maso ndi makutu mwawachotsera zomwe zimawauza kuti ali kuti, mantha ake ndi amenewo.

Nesi wa night: Zoona achimwene. Komanso mwanayo musalimbane naye asisi, akuona mayi ake akumuiwala ndiye akugwira chilichonse.

Wa mental health: Ndipo mwanayo mumuuze kuti a ku Tibet enieniwo ambiri satsinzina, maso amakhala otsekula pang'ono akuyang'ana pansi. A senior akavomera yesani opanda mahedifoni, mphindi 3 basi, akayamba kutekeseka lekani.

Carer wa ku Leeds: Avomera, ndayesa lero atamwa tiyi. Ndinakhala nawo pawindo nditawagwira dzanja tikupuma limodzi pang'onopang'ono, sanalire, anangoti manja anga akuzizira nkuyamba kuwasisita. Lachinayi tikumana ndi mwana wawo pamodzi ndi a manijala, ndimupempha kuti dzanjalo adzagwire iyeyo.