Makope atatu adzaza, koma nkhani sindinaiyambe

Moni nonse a pagulu. Ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimakonda kulemba nthano. Chaka chatha ndinaganiza kuti ndisanalembe nkhani, ndiyambe ndapanga dziko lomwe nkhanizo zizichitikira. Ndinajambula mapu okhala ndi mtsinje umodzi waukulu, mapiri awiri ndi midzi isanu ndi iwiri. Ndinalemba maina a mafumu, mafuko, mbewu zomwe amalima, ngakhale maikidwe a maliro. Ufumu ndinatengera wa a Kalonga a ku Mankhamba, ndipo muli mayi wosunga kachisi wa mvula ngati Makewana wa ku Msinja. Pano makope atatu adzaza, koma nkhani olo imodzi palibe. Ndikati ndiyambe, ndimakumbukira kuti sindikudziwa komwe anthu anga amapeza mchere, basi ndabwereranso kukope. Dzikoli ndimalikonda zedi, n'chifukwa chake zikundiwawa. Ndilekere pati? Komanso ndikufuna mukhale gule wa zinyawu. Ndingalembe bwanji osalakwira eni ake?

Mphunzitsi wa ku Kawale: Achimwene, dziko lakwana kale, chomwe mulibe ndi munthu wa mavuto. Tengani mkamwini. Mkazi wake wamwalira, malume a mkaziyo akumuuza kuti asiye munda womwe walima zaka khumi abwerere kwawo. Lembani tsiku limodzi lokha la bamboyo. Zosowa m'dziko lanu zidzaonekera zokha, ndipo zidzakhala zochepa kuposa momwe mukuopera.

Mayi wa ku Chinsapo: Mwana wanga, za mcherezo usaziderere, nkhani yako ili pomwepo. Kwathu agogo ankati mayi akakhala kumwezi asathire mchere m'ndiwo, kuopa mdulo, ndiye ankaitana kamwana kuti kathire. Taganiza, kamwana kameneko kamadziwa zinsinsi zingati za pabanja? Dziko limamveka lenileni ndi tizinthu ta pamoto ngati timeneti. Mndandanda wa mafumu owerenga amaudumpha.

Wolemba wa ku Biwi: Ine ndikusiyana nawo pang'ono aphunzitsi. Ndinayamba popanda mapu, m'mutu woyamba ulendo wa kuphiri unali wa masiku awiri, m'mutu wachisanu munthu anapita n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Makopewo musawataye. Koma tsamba limodzi la mitunda ndi nyengo likukwanirani: mvula iyamba liti, akolola liti, njala ivuta mwezi uti.

Bambo wa ku Mitundu: Za gulezo samalani. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma izi sizinatsegule dambwe kwa aliyense. Lembani zomwe aliyense amaona pabwalo: ng'oma, fumbi, amayi oyimba, ana othawa. Za kudambwe zisiyeni, ngakhale mutakhala ometa. Popeza dziko ndi lanu, pekani zilombo zanu ndi maina anu, musatchule Kasiyamaliro. Mukapeza ya basi pitani ku Mua, ku Chamare Museum, mukaone zigoba zomwe zimaonetsedwa poyera.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Chinsapo, kamwana kothira mchere kaja kandigwira mtima. Ndikapanga kukhala mwana wa mkamwini wa aphunzitsi uja, ndipo ndiyamba usiku uno. Koma ndifunsenso: bambo akathamangitsidwa pamudzi, mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri angaloledwe kumuperekeza mpaka pati?