Chiliza cha Lefutenanti wathu

Malume: Mwadzuka bwanji nonse. Tsiku ndi lomwe lija, Loweruka lomaliza la September, mvula isanatipeze. Tinagwirizana K60,000 khomo lililonse, a kunja K150,000. Mwa anthu 19 apereka ndi 7 okha. Mayina ndili nawo.

Mayi aang'ono: Tadzuka achimwene. Yanga ndinatumiza Lachiwiri pa Mpamba, mwaiona?

Malume: Ndaona K40,000. Yatsala 20.

Mayi aang'ono: Ikubwera, nyemba sindinagulitse.

Achimwene Joni: Malume ine ndikalandira pa 25, ndidzatumiza pa Mukuru kwa mlongo wangayo.

Malume: Mwezi watha unatinso pa 25.

Achimwene Joni: Pa maliro ndinakwera basi ku Park Station ndi ndalama yangongole, masiku awiri panjira. Palibe anandifunsa kuti ndinabwerera bwanji.

Azakhali: Tisayambe zimenezo ana inu. Kungoti zina zija zikanasungidwa bwino, bwenzi lero tisakupemphana.

Malume: Ziti alamu?

Azakhali: Ine sindinatchule munthu.

Ine: Pepani akuluakulu, mmisiri wayankha. Akufuna simenti matumba 8, kwale, mchenga, zitsulo ndi matailosi akuda. Mtengo umene anatiuza poyamba akuti tiwuiwale, unapita pamene kwacha inagwa mu November 2023. Mwala wolembapo dzina tigula ku Lilongwe, ndipo olembawo akufuna mawu pofika Lachisanu.

Msuweni Leeds: Ndangotuluka naiti, ndikuwerenga tsopano. Mwalawo musaupatse munthu wina, ndilipira ndekha. Ameneyu ndinkamubereka kumbuyo ine.

Malume: Mwalawo ndi wapadera, K150,000 ikhale pomwepo. Lembani kuti Kaputeni.

Ine: Anali Lefutenanti malume, nyenyezi ziwiri. Ku sukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima anatuluka ndi imodzi, yachiwiri inabwera ali kale ku Zomba.

Malume: Akanakhala Kaputeni pano.

Ine: Zoona, koma anzake akubwera ndipo adzawerenga. Tilembe chimene anachigwirira ntchito.

Mayi aang'ono: Mwatchula Salima mwandikumbutsa. Tinadzuka 3 koloko pa minibasi ija, kukafika ku MAFCO dzuwa likuwotcha ngati moto. Makadeti atatulukira pa perete onse ometa mpala, onse akuda bii, achemwali anga kumangofunsa kuti wanga ndi uti. Anamuzindikira ndi makutu.

Azakhali: Makutu a kwathu amenewo, a malemu achimwene anga enieni 😭

Mayi aang'ono: Anali atawonda mwana, khosi lokhalokha. Titapita ku Senga Bay anadya chambo ziwiri yekha, n'kugona pamchenga osavula nsapato.

Achimwene Joni: Zandegezi anayamba kalekale. Ndikumutuma kukamwetsa mbuzi, iye ali pachulu kupanga ndege ya mapesi ndi waya. Ndinamumenyapo chifukwa cha zimenezo. Tsiku limene ananditumizira chithunzi ataima pambali pa ndege ya Dornier ndinachionetsa ntchito yonse, mpaka bwana.

Msuweni Leeds: Nthawi ya Freddy, March 2023, ndinamuimbira ndikuona za ku Chilobwe pa TV. Anangoti achemwali tili pa ntchito, ndikuimbirani. Anaimba patatha sabata, mawu atasasa. Sanafune kunena zimene anaona.

Mayi aang'ono: Munthu woyenda m'mitambo, ife kumaopa kumwambako, n'kudzatisiya pamsewu.

Malume: Kukumbukira nkwabwino koma simenti sagula ndi misozi. Anthu 12 sanapereke. Mayina ndili nawo.

Alamu: Moni apongozi nonse. Nanga za malaya a chithunzi chake? Ku Limbe ndapeza osindikiza, tikhoza kuphatikiza ndi chitenje cha amayi.

Azakhali: Chitenje chikhale cha buluu, osati ngati cha pa ukwati uja, chinasuluka kuchapa kumodzi.

Alamu: Chija sindinasankhe ndine azakhali.

Mayi aang'ono: Za ukwati, mwamva kuti wa kwa abusa uja wasunthidwa? Akuti December.

Azakhali: Ndinanena ine. Mnyamatayo ntchito yake sikudziwika.

Wachisanu: Amene ali ku Blantyre, Bullets ndi Wanderers ikuyamba nthawi yanji?

Malume: Iwe, bambo ako ndi mmodzi mwa 12 aja. Akuwerenga mauthenga onse, ndikuona, koma chete. Uwauze.

Bambo aang'ono atuluka pa gulu

Azakhali: Mwaona alamu? Munthu samukumbutsa ngongole pa ana.

Malume: Ndinamuimbira kanayi.

Ine: Ndiwabwezeretsa madzulo, ndiyankhula nawo ndekha. Malaya tisiye kaye alamu, chiliza chisanakwane. Zotsala ndi izi: anyakwawa sanauzidwe, ndipo popanda iwo kumanda sitilowa. Adzukulu akufunika chakudya chawo masiku omanga. Misa ndapereka kale kudzera ku mphakati.

Mayi aang'ono: Chimera ndaviika kale, thobwa musadandaule. Kabichi, tomato ndi mbatata tidzagula pa Lizulu Lachisanu lake. Mbuzi ndiye sindikudziwa.

Achimwene Joni: Mbuzi ziwiri za m'khola la malemu zilipo?

Mayi aang'ono: Ilipo imodzi.

Achimwene Joni: Inayo?

Malume: Kwa anyakwawa ndipita ndekha Lamulungu, ndi udindo wanga. Za mbuzi tidzakamba pamaso.

Ine: China. Mnzake amene analowa naye ukadeti wandiimbira. Akuti a gulu lawo asonkha K300,000, ndipo 6 abwera kuchokera ku Zomba ngati apatsidwa chilolezo. Uyu ndi uja ananyamula chipewa kutsogolo kwa bokosi.

Msuweni Leeds: Anthu osakhala abale 😭 Mulungu awadalitse anyamatawa.

Malume: Ndalama imeneyo isapangitse ena kugona. K60,000 ndi K60,000.

Azakhali: Ndipo ifikire kwa mwanayu, azilemba yekha.

Malume: Ifikire kulikonse alamu, ine ndatopa nazo zonenedwa.

Msuweni Leeds: Ndifunse nawo, mayi a mwana auzidwa?

Azakhali: Sanalowe m'banja mwadongosolo.

Achimwene Joni: Koma mwanayo ndi magazi athu azakhali. Makutu omwe mumanena aja ali nawo.

Azakhali: Sindinakane mwana ine.

Ine: Ndabwera kumudzi, ndili ndi amayi pakhonde, ndawawerengera zonse kupatula zina. Akuti ndilembe momwe akunenera. Matailosi kaya simenti yokha, iwo alibe nazo kanthu. Chimene akufuna ndi mapiko aja ankavala pachifuwa ajambulidwe pamwamba pa dzina, ndipo mawu akhale a Chichewa kuti akamapita kukasesa aziwerenga okha. Mbendera ndi chipewa zili m'sutikesi, adzazitulutsa tsikulo. Mdzukulu wawo abwere ndi mayi ake, adzagona m'nyumba mwawo, ndipo nsalu yapachiliza adzavundukula ndi mwanayo. Akuti mbuzi inayo anagulitsa ndi iwo, anatumiza ndalama ya mwana atadwala, musamaloze munthu.

Mayi aang'ono: Tamva achemwali.

Azakhali: Thiransipoti ya mwana ndi mayi ake ndipereka ine. Nditumizireni nambala.

Msuweni Leeds: Jambula mapikowo bwinobwino pa yunifomu, unditumizire lero ndiwapatse olemba mwala.

Achimwene Joni: Sindidikira pa 25, ndabwereka kwa mnzanga. Yang'ana foni mawa m'mawa.

Malume: Mlongo wanga wanena, zatha. Lembani Lefutenanti. Otsala ndi 11, ndipo wa simenti akufuna theka Lolemba.